Matailosi, simenti kapena mkeka? Fizikisi ya pansi pa nyumba ya lendi ku Mangochi

Azakhali anga anagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30. Atapuma, ndalama zawo za penshoni anagulira puloti kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, kamtunda pang'ono kuchokera ku Shire, n'kuyamba kumanga nyumba zitatu zoti azichititsa lendi. Ankamanga pang'onopang'ono, lero njerwa, mwezi wa mawa malata. Loweruka lina m'mawa anandiimbira foni.

"Aphunzitsi, tabwerani mudzatiweruze kuno. Ine ndi amisiriwa sitikumvana."

Akanditchula kuti aphunzitsi ndimadziwiratu kuti nkhani yakula, chifukwa masiku onse ndine mwana wa achimwene awo basi. Nditafika ndinapeza mkangano uli pa zoika pansi. Amisiri ankafuna matailosi onyezimira nyumba yonse, mpaka kubafa ndi pakhonde. "Mayi, tenanti wa masiku ano akalowa m'nyumba amayamba wayang'ana pansi. Akaona pakuwala ngati galasi, za mtengo wa lendi sakanganso." Azakhali ndalama zinali zitayamba kuwathera, ndiye ankati pangotsala simenti, kenako ayale kapeti ya pulasitiki ija yogula pa mita, ya maluwamaluwa. Onse awiri anali ndi mfundo. Koma penshoni imabwera kamodzi, ndipo pansi pa nyumba mukalakwitsa simungokonza ngati loko wa chitseko; mumaswa zonse n'kuyambiranso.

Ine si mmisiri. Chimene ndimadziwa ndi mmene kutentha kumayendera, mmene madzi amakwerera, ndi chifukwa chake zinthu zimaterera. Ndinapempha tailosi limodzi losalala, lina lokhakhala, kachidutswa ka kapeti ndi mkeka wakale, n'kupita nazo kusukulu.

Phazi limanama

Zinthu zinayizo ndinaziyala pansi m'kalasi Lachinayi madzulo, zinagona momwemo. M'mawa ndinauza ana anga a Fomu 3 kuti avule nsapato, aliyense aponde chimodzichimodzi. Chozizira kwambiri n'chiti? Onse anati tailosi. Chofunda? Mkeka. Kenako tinagoneka themomita pa chilichonse n'kudikira. Inawerenga chimodzimodzi ponseponse. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Sala, themomita yanuyo ndi yakufa."

Si yakufa. Zinthu zikakhala m'chipinda chimodzi usiku wonse zimafika pa madigiri ofanana. Khungu lanu siliyeza madigiri a chinthu chimene mwakhudza. Limamva liwiro limene kutentha kukuchoka m'thupi kapena kulowa. Mkati mwa thupi muli madigiri pafupifupi 37, ndipo pansi pa nyumba, pamthunzi, pamakhala pozizirirapo. Choncho mukaponda, kutentha kumatsika kuchoka kuphazi kupita pansi. Uku ndi kumene m'kalasi timakutcha conduction. Funso ndi lakuti, chimene mwapondacho chikulanda kutenthako mwachangu bwanji?

Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake yosonyeza zimenezi, yoyezedwa mu W/mK. Mpweya wongokhala ndi 0.026. Thabwa louma ndi pafupifupi 0.15. Madzi ndi 0.6. Tailosi lili cha pa 1, ndipo konkire ili pakati pa 1 ndi 2. Onani kusiyanako: konkire imadutsitsa kutentha mwachangu kuposa mpweya maulendo pafupifupi 40 kapena kupitirira. Tsono mkeka n'chiyani? Ndi mlaza wouma wolukidwa, wodzaza ndi timipata ta mpweya. Mphasa nayo ndi bango, lomwe mkati mwake ndi mphako. Mukaponda mkeka mwaponda mpweya wambiri wotsekeredwa, ndipo kutentha kwa phazi lanu kumasowa kolowera.

Amene sakukhulupirira ayese izi kunyumba. Tengani tizidutswa tiwiri ta ayezi tofanana, kena muike pa tailosi kapena pa simenti, kena pa mkeka. Ambiri mwa ana anga anabetcha kuti ka pa mkeka "wofunda" kasungunuka msanga. Kanayamba kutha ndi ka pa tailosi "lozizira". Tailosi limene limalanda kutentha kwa phazi mofulumira ndi lomwelonso limapereka kutentha kwake kwa ayezi mofulumira.

Kwa munthu wa ku Mangochi iyi si nkhani ya mayeso a MANEB chabe. Mukudziwa mmene Okutobala ndi Novembala amakhalira kuno: malata akulira, fani akungozungulitsa mpweya wotentha, anthu n'kutsika pabedi kukagona pansi. Amachita bwino. Silabu yakhala pa nthaka, ndipo nthaka ya pansi pa nyumba siotcha ngati denga. Ndiye munthu akayala kapeti yaubweya kuchokera khoma ili mpaka khoma ilo, wafunditsa bulangeti chinthu chokhacho chimene chimamuziziritsa. Ku Dedza kapena ku Mzuzu zikhoza kumveka. Kuno timafuna chofunda pansi miyezi yochepa yokha, mwera ukamaomba mu Juni ndi Julaye. Choyala chabwino kunyanja kuno ndi chimene mungachipinde n'kuchiimika pakona kukatentha.

Pakhonde lopanda mthunzi nkhani imatembenuka. Dzuwa likawomba tailosi, makamaka lakuda, limatentha kuposa khungu lanu, ndipo liwiro lomwe lija limagwira ntchito chobwerera: kutentha kumathamangira kuphazi. Mwana wokwawa ndi amene amayamba kudziwa.

Madzi amene amakwera okha

Apa ndiye pamene ndinatsutsana ndi azakhali, ndipo ndinali ndi chifukwa changa.

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinachita lendi kachipinda kena kufupi ndi nyanja. Pansi panali kapeti ya pulasitiki yatsopano, yokongola zedi. Mvula itakhazikika mu Januwale, m'nyumba munayamba kafungo ngati ka thumba la chimanga chonyowa. Ndinachapa makatani, ndinayanika matiresi, fungo osatha. Tsiku lina ndikusuntha katoni ya mabuku, pansi pake panangobooka. Nditatukula kapeti ndinapeza kunsi kwake kuli bii ndi chuku, simenti ili nyowee ngati wina wathirapo ndowa. Manotsi anga a ku koleji, zaka zinayi za ntchito, anali atamatirirana. Eni nyumba anati ndimakolopa ndi madzi ambiri, n'kundilipiritsa kapeti ina. Ndinalipira. Chochititsa manyazi n'chakuti teremu yomweyo ndinali kuphunzitsa capillarity, koma sindinaizindikire ili pansi pa bedi langa.

Munaonapo mmene parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi, kapena mmene tiyi amakwerera mu buledi mukangoviika kansonga. Madzi amamatirira m'mbali mwa timipata tating'ono n'kukoka anzake, ndipo kampata kakachepa amakwera patali. Kwa madzi amene akunyowetsa bwino khoma la kampatako, msinkhu wake timaupeza ndi h = 2γ ÷ ρgr. Apa γ ndi mphamvu ya kakhungu ka pamwamba pa madzi, pafupifupi 0.072 N/m, ρ ndi 1000 kg/m³, g ndi 9.8 m/s², r ndi theka la kukula kwa kampatako. Tengani kakyuleta. Ngati r ndi 0.1 mm, madzi akwera masentimita pafupifupi 15. Chepetsani r kakhumi, afike 0.01 mm, akwera mita imodzi ndi theka. Dothi, njerwa zootcha ndi konkire zonse zili ndi timipata totere, tina tating'ono kuposa apa.

Ndiye pansi pa simenti popanda chotchinga pamakhala ngati chingwe cha nyali chachikulu. Madzi a m'nthaka amakwera, akafika pamwamba amauluka ngati nthunzi, inu osadziwa. Chizindikiro chake ndi kaufa koyera kamene mumakaona m'munsi mwa makoma kapena m'makona: ndi mchere umene madziwo anabwera nawo n'kuusiya. Mukayalapo pulasitiki, madzi akupitiriza kubwera koma potulukira mwatseka. Amasonkhana kunsi kwa kapeti, mumdima, motentha. Chuku sichifunanso china.

Chodabwitsa n'chakuti pulasitiki yemweyo ndiye mankhwala ake, akaikidwa pamalo oyenera. Pepala lakuda lochindikala limene amisiri amayala pansi asanathire konkire limadula njira ya madzi asanalowe n'komwe mu silabu. Kunsi kwa silabu limateteza nyumba. Pamwamba pa silabu yonyowa limaiwononga.

Kunyanja kuno madzi a pansi pa nthaka sali patali, ndipo sakhala pamodzi. Mukukumbuka 2024, pamene nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mlingo wa nyanja zamchere, madzi n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu m'mphepete mwa gombe. Amene anaonekera pa zithunzi ndi amene madzi anawalowera pakhomo. Koma nyanja ndi Shire zikakwera, madzi a m'nthaka yoyandikana nazo amakweranso, ndipo nyumba imene ili pouma m'maso ikhoza kuyamba kumwa madzi kuchokera kunsi.

Ndinafunsa amisiri a azakhali ngati anayala pepala lakuda lija. Anakanda m'mutu. "Ziwirizi tinayala, abwana. Yachitatuyi pepala linatithera, ndiye galimoto ya mchenga inali itafika kale." Azakhali anangoti kukamwa yasa; aka kanali koyamba kumva.

Pali njira yoyesera imene aliyense wa inu angathe. Dulani pulasitiki woonekera, masentimita 45 mbali zonse, mumuyale pa simenti n'kumata m'mbali monse ndi tepi kuti mpweya usalowe. Musiyeni maola osachepera 16. Mukapeza timadontho kunsi kwake, kapena simenti yada pamalopo, ndiye kuti chinyezi chikutuluka. Chenjezo limodzi: konkire yatsopano imatulutsa madzi ake omwe kwa milungu yambiri, choncho kuyesa silabu ya dzana sikukuuzani kanthu. Ya azakhali inali itagona chaka. Tinamata mapepala atatu, m'nyumba iliyonse limodzi. M'mawa mwake awiri anali gwa, ouma. La nyumba yachitatu linali ndi thukuta.

Nkhani ya kapeti ya pulasitiki inathera pomwepo. Ndinangowonjezera kuti m'nyumba ya lendi kapeti yotere siikhalitsa ngakhale pouma: khala limodzi logwa pa mbaula limaiboola, mwendo wa bedi umaidinda dzenje, ndipo tenanti akamatuluka mkangano wa "ndani anang'amba" sulephera.

Kuterera, ndi mdani wa m'mapazi

Amisiri anayamba kumwetulira poganiza kuti apambana. Anafulumira.

Tinatenga matailosi awiri aja ndi patapata wakale, m'kati mwake titaikamo mwala kuti alemere. Mumaika patapata pa tailosi, n'kumatukula mbali imodzi pang'onopang'ono mpaka ayambe kutsetsereka, ndiye muyeze ngodya ndi pulotirakita. Nambala ya kugwirana kwa zinthu ziwirizo, imene timailemba μ, ndi tan ya ngodyayo. Akatsetsereka pa madigiri 30, μ ndi 0.58. Akatsetsereka pa 15, ndi 0.27. Kulemera kwa mwala sikusintha yankho. Yesani ndi mwala wina muone.

Ali ouma, matailosi awiriwo sanasiyane kwambiri. Titawathira madzi a sopo, patapata wa pa tailosi lonyezimira anauyamba ulendo tisanatukule n'komwe patali, pamene wa pa lokhakhala anakakamirabe. Chifukwa chake n'chakuti pamalo osalala madzi amayala kansalu kopyapyala pakati pa phazi ndi tailosi, zinthu ziwirizo osakhudzananso. Pamalo okhakhala timapiri take timaboola kansaluko, madzi n'kuthawira m'timakwawa.

Taganizani tsono za nyumba za kuno. Anthu amachokera kunyanja mapazi ali chinyowere. Madzi amatungidwa m'ndowa n'kudutsa nawo pabalaza. M'mabanja ambiri a Chisilamu munthu amasambitsa mapazi kangapo patsiku asanapemphere. Pansi ponyowa si ngozi ya kamodzi pachaka, ndi moyo wa tsiku lililonse. Apa azakhali, amene anaona okalamba ambiri atathyoka chiuno pa ntchito yawo, sanafune n'kumva komwe za tailosi lowala kubafa. Polishi wofiira wopaka mochuluka pa simenti amachitanso zomwezo, ngakhale amayi ambiri sangandikhululukire ponena zimenezi.

Kunyezimirako nakonso kuli ndi mdani wake: mchenga. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anandandalika miyala kuyambira 1 mpaka 10 potengera kuti uti umakanda unzake. Dayamondi ndi 10. Chikhadabo chanu chili cha pa 2.5, galasi la pawindo cha pa 5.5. Mchenga wambiri ndi quartz, ndipo quartz ndi 7. Choncho mchenga umene mwabwera nawo kumapazi ndi wolimba kuposa galasi, kuposa polishi, kuposa kapeti ya pulasitiki, ndiponso kuposa chonyezimira cha matailosi ambiri otchipa.

Wonjezanipo P = F ÷ A. Munthu wa makilogalamu 60 amakanikiza pansi ndi mphamvu pafupifupi 600 N. Ikagawidwa pa phazi la 150 cm², ndi 40,000 Pa. Koma pansi pa nsapato yolimba pakakhala timchenga, ndipo kulemera konseko kwatsamira pa timitu take tokwana 1 cm² tonse pamodzi, ndi 6,000,000 Pa. Kenako munthuyo apotoloke. Ndi sandipepa ameneyo. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri za matailosi owala mumaona kanjira kofuwirira kochokera pakhomo kupita kuchipinda, m'makona mukuwalabe. Kachiguduli kapena kamkeka kopukutira mapazi pakhomo, ndi mwambo wovula nsapato, zimateteza pansi kuposa polishi aliyense.

Zimene amisiri anandiphunzitsa

Si zonse zimene ndinawaposa. Amisiriwo ndi amene anandionetsa kugogoda tailosi ndi kobiri. Likamatidwa bwino limalira mogontha. Likalira ngati ng'oma, kunsi kuli mphako: womata anangoika timibulu ta matope a simenti m'makona ndi pakati pofuna kusunga thumba. Mbali yopanda chochirikiza imanjenjemera momasuka, n'chifukwa chake liwu limasintha, ndipo ndi pomwe limadzasweka mtondo kapena mwendo wa sofa ukagunda.

Anandiuzanso za matailosi amene amatukumuka okha pakati pa chipinda, nthawi zina ndi phokoso ngati mfuti. Apa fizikisi ndi amisiri anagwirizana. Konkire ikatenthedwa digiri imodzi imatalika pafupifupi magawo 10 pa miliyoni. Tailosi magawo 6 kapena 7. Pa chipinda cha mamita 5, kutentha kukasintha ndi madigiri 20, konkire isuntha milimita imodzi, tailosi pang'ono kupitirira theka lake. Zikuoneka zochepa, koma zinthu ziwirizi zamatidwa pamodzi ndipo zikukokana tsiku ndi tsiku. Konkire yatsopano imafotanso ikamauma, n'kufinya matailosi amene aikidwa msanga. Akawathinanitsa popanda mpata pakati pawo ndi m'mbali mwa khoma, kopita kulibe koma m'mwamba.

Nanga simenti yokha bwanji imafumbuka m'nyumba zina, tsache lililonse n'kumachotsa fumbi lotuwa? Ambiri amaganiza kuti simenti imalimba chifukwa yauma. Ayi ndithu. Imalimba chifukwa ikuchita kemisitiri ndi madzi, ndipo madziwo akathawa msanga ntchitoyo imaima panjira. N'chifukwa chake pansi patsopano pamafunika kukhala ponyowa masiku osachepera 7, ndipo mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pa masiku 28. Ku Mangochi kuno, kumene tili ndi fakitale ya simenti ya Cement Products Limited ku Njereza, dzuwa lathu lomweli limaumitsa pamwamba pa silabu tsiku limodzi. Thumba la makilogalamu 50 ndi lomwelo, koma amene anathirira sabata yathunthu ndi amene anatopa tsiku lachiwiri sapeza pansi pofanana.

Zimene azakhali anasankha

Mwini nyumba ya lendi amafuna pansi poti tenanti wachisanu adzapapeze monga anapapezera woyamba. Tenanti amafuna pozizira mu Novembala, pofunda mu Juni, poti mwana asagwe. Chinthu chimodzi sichingachite zonsezi, ndipo ine maganizo anga ndi akuti tisachikakamize. Pansi penipeni pakhale polimba, posaterera, posavuta kukolopa. Zofewa zibwere pamwamba, zochotseka.

Apa mkeka ndi mphasa, zimene ena amaziona ngati za kumudzi, zimaposa kapeti ya m'sitolo. Zimalola nthunzi kudutsa, ndiye sizisunga chinyezi kunsi. Mchenga umagwera m'mipata yake m'malo mokhala pamwamba n'kumakanda, mumangotukula n'kusesa. Mukhoza kuziyanika padzuwa, zimene zimathandiza pa chuku ndi tizilombo. Zikatha mumagula zina kwa oluka a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, kumene migwalangwa yotulutsa mlaza ili mbwee. Zili ndi zovuta zake: mphasa yoiwalika pakona imaitana chiswe, nsikidzi zimabisala m'mphako za bango, ndipo mkeka wopepuka pa tailosi losalala umatsetsereka wonse ndi munthu wake. Umafuna pansi pokhakhala pang'ono, kapena mwendo wa tebulo woupanikiza.

Azakhali anaika matailosi okhakhala, otuwira ngati mchenga womwewo kuti zokandika zisamaoneke, m'nyumba ziwiri zouma zija. Anagula bokosi limodzi lapadera n'kulibisa kwawo, poti mtundu wa tailosi umene uli m'sitolo chaka chino sudzapezekanso likadzasweka limodzi. Nyumba yachitatu anaisiya ya simenti yosalazidwa, yopanda penti, kuti izipuma. Kunja kwake anakumbitsa ngalande ndi kukweza dothi m'mbali mwa khoma kuti madzi a padenga azithawira kutali, ndipo aliyense wolowamo amauzidwa tsiku loyamba kuti kapeti ya pulasitiki ndi yoletsedwa, katoni ya mabuku ikhale pa thabwa. Lendi yake ndi yotsikirapo. M'nyumba iliyonse anaikamo mkeka umodzi ndi chopukutira mapazi, n'kuzilemba pa pepala la mgwirizano pamodzi ndi makiyi.

Amisiri mpaka lero amati tinataya ndalama, kuti matailosi owala akanabweretsa matenanti a mabungwe olipira miyezi itatu pakamodzi. Mwina akunena zoona pa chaka choyamba. Tagwirizana kuti mvula ikadzafika pachimake mu Febuluwale tidzamatenso mapepala atatu aja, ndipo a Fomu 3 anga apempha kuti adzapite okha ndi tepi yawo.